Mutu 5: Katani ya Amake Rex

1. Bokosi lachitsulo

Tiwo analonjeza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atagwada pa simenti, dzanja lili pa Baibulo lothothoka chikuto.

Linali tsiku limene bambo ake, a Fanwell, anabwera kunyumba dzuwa lili paliwombo akukankha wilibala. Kwa zaka khumi ndi zinayi iwo ankagwira ntchito pa malo ena a boma kunja kwa Lusaka, kumene ankafufuza za kashembe ndi ntchentche zina zozunza ng'ombe. Chaka chimenecho zinthu zinatembenuka. Kunabwera anthu a masuti, anawerenga mayina pa pepala, n'kumanga geti ndi tcheni. Anauza antchito kuti dziko tsopano lamasuka. Amene anamasukadi anali antchitowo, chifukwa analibenso kolawirira m'mawa.

Pa wilibalapo panali bokosi lachitsulo lofunditsidwa masaka a makala. Amayi ake a Tiwo, a Elina, anali kumsika. Amene anaona bokosilo likulowa m'nyumba anali Tiwo yekha.

A Fanwell analitsegula. Munali nsalu zabuluu ndi zakuda zopindidwa bwino, ndi timabotolo tabulauni totsekedwa ndi phula.

"Ni pafyumu, atate?" anafunsa Tiwo.

A Fanwell anaseka koyamba tsiku limenelo. Iwo anabadwira m'Matero momwemo, komboni ya mu Lusaka imene ankakhalamo, koma bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, ndipo m'nyumba a Fanwell ankalankhulabe Chichewa cha makolo awo, chosasakaniza ndi cha m'tauni.

"Ndi pafyumu, inde, koma wa ntchentche. Khala pansi ndikuuze. Mwina iwe udzakhala dokotala, osati wotsuka mabotolo ngati ine.

"Ntchentche ilibe mphuno. Ukaiyang'ana pamutu, pakati pa maso, uona tinyanga tiwiri. Pa tinyangapo pali tiubweya tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi timabowo. Fungo si mzimu, mwana wanga. Fungo ndi tizidutswa ta chinthu, tochepa kuposa fumbi, touluka mumpweya. Tikalowa pa timabowo tija timapeza timaloko m'kati. Loko aliyense ali ndi kiyi wake. Kukabwera kiyi wolakwika, zii. Kukabwera kiyi wake, loko amatseguka, uthenga n'kuthamanga mu mtsempha mpaka ku ubongo: chakudya chili uko, uluka! Kashembe ali ndi maloko a mpweya wa ng'ombe. Udzudzu uli ndi a thukuta lakolo. Ntchentche yobiriwira ili ndi a chilonda ndi a nyama yowola. Madokotala a kuntchito ankati malokowo palibe amene wawaona ndi maso, koma alipo ndithu, chifukwa ntchito yake imaoneka."

"Imaoneka bwanji?"

"Ndinaona ndekha. Ankadula kanyanga ka ntchentche n'kukaika pakati pa timawaya tiwiri. Mwini wake wafa, ali m'bini. Ndiye amauzira fungo pa kanyangako. Singano ya makina inkalumpha, Tiwo. Ntchentche yafa, koma kanyanga kakumvabe."

Tiwo anasendera kumbuyo.

"M'timabotolomu muli makiyi opanga anthu. Ili ndi la kashembe, ili ndi la ntchentche zobiriwira. Tinkaliika pafupi ndi nsalu, nsaluyo titaipaka poizoni. Zimabwera zikuyesa zapeza nyama, zimatera, zimafa. Lero potitulutsa sanatipatse ngakhale zikomo. Ena atenga njinga, ena mipando. Ine ndatenga ichi, ndipo sindikudziwa kuti ndichita nacho chiyani. Koma ndi katundu wa boma. Likadziwika, ndapita. Bweretsa Baibulo."

Tiwo analibweretsa.

"Nena kuti sudzauza munthu za bokosi ili. Ngakhale amako. Amako ndi munthu wabwino, koma chimene amva m'mawa, masana chili pa mpopi."

Tiwo ananena mawuwo monga anamuuzira. A Fanwell anakankhira bokosilo pansi pa bedi, kuseri kwa masutikesi, ndipo linakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi.

2. Alendo a teni koloko

Amene mukuona Matero wa lero, wa mipanda ya njerwa yokhala ndi magalasi osweka pamwamba, simungamvetse mmene kunalili. Kale pakati pa nyumba ndi nyumba panali timitengo tofika m'chiuno, ndipo mchere unkadumpha pamenepo popanda odi. Mipanda inayamba chaka chimene kunamveka kuti nyumba za kanso, khonsolo ya mzinda, zigulitsidwa kwa anthu okhalamo. Kuyambira tsiku limenelo aliyense anakumbukira kuti ali ndi m'bale m'Matero.

Nyumba yachitatu kuchokera kwa a Fanwell inali ya mayi Virginia, amene aliyense ankawatchula kuti amake Rex. Amuna awo, a Chibwe, anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rex, ananyamula chikwama zaka zitatu m'mbuyomo kuti akukaoda katundu ku Joni. Analemba kalata imodzi, kenaka osamvekanso. Amake Rex ankakazinga zitumbuwa pakhonde, ndipo pa khadi la nyumbayo panali dzina lawo.

Ntchentche zinayamba mu Okutobala, kukutentha.

M'mawa sizinkabwera. Zinkadikira kuti dzuwa lifike pakhomopo, cha m'ma teni koloko. Yoyamba inkafika yokha. Kenaka zisanu. Kenaka zinkatulukira pamwamba pa madenga kuchokera kumsika ndi ku ngalande, zobiriwira, zonyezimira, zili mumzere umodzi. Zinkadutsa dzala osatera. Zinkadutsa zimbudzi osatera. Zinkalunjika khomo la amake Rex n'kuphimba katani ya pakhomopo mpaka nsalu osaonekanso. Kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu, kopanda kupuma, ngati waya wa magetsi.

Madzulo zinkapezeka zitafa, mulu pansi pa chitseko, miyendo m'mwamba. Amake Rex ankasesa, beseni n'kudzaza. Mawa lake zinkabwera zina.

Ana analeka kudutsa njira imeneyo. Zitumbuwa zinkauma m'beseni. Pa mpopi nkhani inali imodzi.

"Nchenche za gilini zikonda chani, imwe? Si mtembo?"

"Manje Rex ali kuti? Ati ku Joni. Nindani anamuona akwela basi?"

"Na vitumbuwa vija tenze kudya, mayo ine!"

Nkhaniyo inayenda mpaka ku Chipata komboni, mu Lusaka momwemo, kumene kunkakhala a Mutale, mng'ono wa malemu a Chibwe. A Mutale ankakhala m'chipinda chimodzi ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo chiikireni maliro a mkulu wawo anali asanapondeko ku Matero. Anafika Lachitatu atanyamula mpando wawowawo, n'kuukhazika pansi pa mtengo wa mapeyala moyang'ana khomolo.

"Mulamu," anatero mokweza kuti ndi a kumsewu omwe amve, "iyi nyumba ni ya bakulu banga. Na mwana wa bakulu banga ali pansi pa simenti iyi. Nchenche zatiuza. Pa Chiwelu tibwela na mapiki. Kufika siku ija palibe chochoka muno, olo sipuni."

Kuyambira pamenepo mpaka Loweruka limene anatchulalo, mpandowo sunakhale wopanda munthu. A Mutale akachoka, pankakhala m'bale wawo.

3. M'nyumba mopanda ntchentche

Tiwo tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali giredi naini. Lachinayi pochokera kusukulu anaona amake Rex ataima patali ndi mpopi, ndowa ili m'manja, akudikira kuti amayi onse achoke. Amayiwo sankachoka. Tiwo analandira ndowayo, anaitunga, n'kuisenza mpaka kunyumba kwawo.

"Iwe, uzadyewa!" anakuwa mayi wina. Anzake anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi.

Analowera khomo la kuseri. A Mutale anamuyang'ana ali pa mpando wawo.

"Naiwe wabwela kuyangana mfwiti?" anafunsa amake Rex.

"Awe, ambuya. Nabweletsa chabe manzi."

"Ika apo." Amake Rex anakhala pa mkeka mwaulesi ngati munthu wodwala. "Rex nenze kumupapa pa msana apa. Chikuku chinamugwila, nagona naye pansi mu chipatala masiku teni. Lelo ati namuika pansi pa simenti. Ine nimayangana pa msewu basi iliyonse, mwana wanga. Iliyonse."

Tiwo anatula ndowa n'kuyang'ana uku ndi uku. Kunja kulira kuja kunali pakati. Koma m'nyumbamo munali zii. Pa tebulo panali mbale ya kapenta yosavundikira, ndipo panalibe ntchentche ngakhale imodzi. Zenera linali lotsegula. Palibe inkalowa.

Anapita ku khomo la kumaso n'kuyang'ana kataniyo cha m'kati, dzuwa likuiwalira kuseri. Mithunzi ya ntchentche inkayendayenda pansaluyo ngati madzi owira. Nsaluyo inali yolumikiza: chigamba chabuluu, chakuda, chabuluu. M'mphepete munali ulusi wodumphadumpha. Tiwo ankadziwa makina amodzi okha m'Matero osoka modumpha chotero.

"Ambuya, keteni iyi munaitenga kuti?"

"Banipasa ni bamako. Ati mukankhala ba landilodi, pakhomo paoneke bwino. Ni muntu umozi chabe ananikumbukila."

Tiwo anathamanga. Kunyumba anapeza amayi ake pakhonde akupalasa makina, tepi ili m'khosi. Chibwerere salaula, zovala zakale za kunja zodzaza msika, ntchito ya a Elina inali yongochepetsa mathalauza a azungu akufa. Tiwo anawadutsa, analowa kuchipinda, n'kukoka bokosi lija.

Loko anali wothyoka. Botolo limodzi linali litasweka, ndipo nsalu zotsalamo zinali ndi banga labulauni. Fungo linamumenya kumaso. Anatseka msanga.

"Ufuna chani mu vintu va batate bako?" A Elina anali ataima pakhomo.

"Amai, munatengamo nsalu?"

"Vinsalu venze chabe kuola. Batate bako basunga vinyalala monga ni golide. Venze kununkha monga khoswe wakufa, nawasha katatu na sopo, fungo yasila. Nasokela amake Rex. Nalakwa?"

Tiwo anakankhira bokosilo pansi pa bedi.

"Awe, amai."

4. Mawu a a Fanwell

A Fanwell tsopano anali mlonda pa nyumba ina yosungira katundu wa anthu obwera, amene anagula zimene kale zinali za tonse. Ankaweruka m'mawa. Lachisanu, a Elina atapita kumsika, Tiwo sanapite kusukulu. Anawadikira pakhomo n'kuwauza zonse.

A Fanwell anakhala pa bedi chipewa chili m'manja.

"Achapa katatu," anatero. "Sopo amachotsa fungo la mphuno za anthu. Mphuno yathu ndi yogontha, Tiwo. Kanyanga kamafuna kadontho ka kadontho. Dzuwa likatenthetsa nsaluyo, kiyi amauluka mpaka kumsika."

"Tikaichose chabe, atate."

"Ndi Mutale ali pa mpando paja? Ukakhudza nsaluyo afunsa chifukwa chake. Asiye akumbe. Sapeza kanthu, achita manyazi, abwerera kwawo."

"Sibazabwelela. Pa mpopi bakamba kuti bakapanda kupeza mafupa, ninshi ambuya banamudya."

A Fanwell anaika chipewa pansi.

"Tamvera, Tiwonge, ndipo umvetse chifukwa sindibwereza. Ukumukumbukira mnzanga uja ankabwera kuno ndi gitala? Anatenga njinga ya kuntchito tsiku lomwe lija. Anamupeza patapita zaka ziwiri. Anakhala m'ndende miyezi isanu ndi inayi chifukwa cha njinga yopanda mabuleki. Iyeyo ndi wa konkuno, agogo ake onse ali m'manda a konkuno. Nanga ine?

"Masiku ano safunsanso kumene unabadwira. Akufunsa kumene anabadwira bambo ako. Ine ku Dedza sindinapondeko. Sindidziwa ngakhale mtengo umodzi wa kumeneko. Ndinabadwira m'nyumba ino, mano anga a ubwana ali padenga pano. Koma ndikapezeka ndi katundu wa boma, wapoizoni, pansi pa bedi, sadzati Fanwell wa ku Matero waba. Adzati Mmalawi waba. Adzandikweza lole mpaka kumalire n'kunditsitsa ndi malaya omwe ndavalawa. Nyumba ino, imene yatsala pang'ono kukhala yathu, adzalowamo ena. Iwe sukulu idzathera pomwepo. Amako adzasoka mathalauza pansi pa mtengo.

"Usaganize kuti amake Rex sindikuwamvera chisoni. Pamene unkabadwa, ndi iwo anathamanga kukaitana galimoto. Ndikudziwa. Koma anthu aja sakufuna kudziwa za tinyanga. Mutale akufuna nyumba. Enawo akufuna munthu woti amuloze chala, chifukwa amene anawachotsa ntchito sangamufike. Ukaima pakati pawo ndi nzeru za m'kalasi, chala chija chidzangochoka pa amake Rex n'kubwera pa ife. Ndaona zimenezi, iwe sunazione. Khala m'nyumba mawa. Tseka zenera. Mvula ili pafupi. Ikagwa kawiri nsaluyo isukuluka, ntchentche zisiya zokha."

"Mvula ni mwezi wa mawa, atate. Mapiki ni mailo."

"Unagwira Baibulo."

"Nenze mwana."

"Unagwira Baibulo," anabwereza a Fanwell. Anagona chagada nsapato zili kuphazi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

5. Loweruka

Anthu anayamba kusonkhana dzuwa lisanatenthe. Anabwera a ku Matero, a ku komboni ya George, ena mpaka a ku komboni ya Marapodi. Wogulitsa aisi buloko anabweranso, ndipo malonda anamuyendera.

A Fanwell anafika kuchokera kuntchito, anayang'ana khamulo kamodzi, analowa m'nyumba n'kudzitsekera kuchipinda. A Elina anapita kukaima kumbuyo kwa anthu, tepi ili m'khosi, akupukusa mutu. Tiwo anakhala pakhonde mpaka anamva piki yoyamba. Kenaka anapezeka ali pa timitengo ta kwa amake Rex.

Abale a a Mutale ankalowera khomo la kuseri. Panalibe wofuna kudutsa pa katani. Anatulutsa bedi, tebulo, chiwaya cha zitumbuwa, chithunzi cha Rex atavala yunifomu ya sukulu, n'kuunjika zonse pabwalo. Amake Rex anakhala pa dothi pambali pa katundu wawo, atafunda chitenje kumutu.

Teni koloko inakwana. Yoyamba inafika yokha.

"Izo! Zabwela!"

Anthu anabwerera m'mbuyo. Mzere uja unatulukira pamwamba pa madenga n'kutsikira pakhomo. Amayi ena anayamba nyimbo ya kutchalitchi, koma inathera panjira. Kunkangomveka zinthu ziwiri: kulira kwa ntchentche ndi mapiki m'nyumba, di, di, di.

Anakumba pabalaza. Anakumba kuchipinda. Dzenje linafika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Munali dothi lofiira ndi muzu wa mapeyala.

Wokumba mmodzi anatuluka thukuta lili chuchuchu. "Mulibe vintu, ba Mutale."

A Mutale anayang'ana anthu, anthu anayang'ana a Mutale.

"Banamudya!" anakuwa munthu wina kumbuyo.

"Banamudya! Mfwiti!"

Mwala woyamba unagunda chiwaya, ngwee. Wachiwiri unagwa pa phewa la amake Rex. Iwo sanalire. Anangokokera chitenje pansi pang'ono. Mnyamata wina wamkulu anali akutsegula chigubu cha parafini ndi mano.

Tiwo anadumpha timitengo tija.

Anayenda molunjika khomo la kumaso. Mayi wina anakuwa kuti mugwireni, koma palibe anasuntha. Ntchentche zinamuzinga. Zinatera m'tsitsi, m'makutu, pa milomo, timiyendo take tozizira. Zakufa zinkaphwanyika pansi pa mapazi ake ngati mtedza wokazinga. Anatseka maso, anapapasa waya wa pamwamba, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Msomali unazuka.

Anatembenuka kataniyo ili m'manja. Anthu anapatuka okha, ena mpaka kugwa. Anaoloka msewu n'kukaikoleka pa mtengo wa getsi la mumsewu, limene linasiya kuyaka chaka chomwe bambo ake anachotsedwa ntchito. Kenaka anaima pambali.

Poyamba ntchentche zinazungulira pakhomo lopanda kanthu lija ngati zasokera. Kenaka zinayamba kuoloka. Zinadutsa pamwamba pa mitu ya anthu pang'onopang'ono, ngati utsi, n'kukaphimba nsaluyo pa mtengo paja. Pakhomo pa amake Rex panatsala dzuwa lokha.

Wa parafini anaika chigubu pansi. Amake Rex anavundukula chitenje n'kuyang'ana khomo lawo.

Tiwo anapukuta kumaso. Sanatchule bokosi. Sanatchule munthu. Anayamba kubwerera kwawo.

"Imilila, iwe!"

Anali a Mutale. Anamugwira pa mkono.

"Mwaona, bantu? Mankhwala yali mu nsalu! Manje iwe kamwana, waziba bwanji? Nindani anakuuza?"

Tiwo anayesa kudzipokonyola.

"Ija keteni banasoka ni amake Tiwo," anatero mayi wina wa pa mpopi. "Nenzepo ine pamene banapeleka."

Mitu yonse inatembenuka. A Elina anali ataima pomwe paja, tepi ili m'khosi.

"Ine? Ni nsalu chabe, imwe! Nenze kufuna chabe kubakondwelesa!"

"Kansi mfwiti ni telala!"

"Benze kufuna kupaya nkhalamba batenge nyumba!"

"Ni ba ku Malawi baja, mwaibala? Ba ku Malawi na mankhwala!"

Manja anagwira chitenje cha a Elina. Wina anakoka tepi ija mpaka anatsokomola. Miyala imene inali isanaponyedwe inali ikadali m'manja mwa eni ake, ndipo tsopano inaloza kwina. Wa parafini anatolanso chigubu chake.

Tiwo anadzipokonyola, anathamangira pansi pa mapeyala, n'kukwera pa mpando wa a Mutale.

"Basiyeni! Amai sibaziba chilichonse! Si mankhwala ya mfwiti!"

Mawu ake anatuluka aakulu kuposa mwini wake. Anthu anacheuka.

"Nchenche ilibe mphuno. Imvela fungo na tunyanga twa pa mutu. Muli fungo mu nsalu ija, yopanga bantu, yonamiza nchenche kuti pali nyama yoola. Imwe simungaimve, izo zimvela. Zikatela zikufa chifukwa pali poizoni. Ni msampha wa nchenche za ng'ombe. Mu nyumba ya ambuya simunangenepo nchenche olo imozi. Funsani bamene bakumba!"

Wokumba uja anakanda kumutu. "Ni zoona. Mukati mulibe."

"Va masukulu ivo," anatero a Mutale. "Msampha wa ng'ombe mu Matero? Ng'ombe ili kuti kuno? Telala angaipeze kuti nsalu ya so? Kamba kwamene yachoka. Ukakangiwa, ninshi bamako baziba."

Amene anagwira a Elina sanawataye. Kumsewu kunali kutaima apolisi awiri amene anali atangofika, ataitanidwa ndi phokoso. Mmodzi anapatula anthu n'kusendera pafupi ndi mpando, akutulutsa kabuku m'thumba.

"Yankha, mwana," anatero wapolisiyo. "Nsalu yachoka kuti?"

Ali pa mpandopo Tiwo ankaona nyumba yawo pamwamba pa mitu ya anthu. Zenera la kuchipinda linali lotseka. Anayang'ana amayi ake. Milomo yawo inali itachita magazi.

"Yachoka mu bokosi," anatero. "Bokosi ya boma, ya ku nchito ya tushembe kwamene banavala. Muli nsalu zinangu na mabotolo. Ili ku nyumba kwatu, pansi pa bedi."

Wapolisiyo analemba. Kenaka anafunsa kuti analibweretsa bokosilo ndani.

Tiwo anatchula dzina la bambo ake.